Mankhwala a Mtima Ocokera m'Cuku

Inu a ku migodi mudziwa cimene cicitika mpope ukadzala dzimbiri m'kati: madzi acepa, ndipo tsiku lina alekeratu. Mitsempha ya mwazi icita cimodzimodzi. M'mwazi muli mafuta ochedwa cholesterol. Thupi liwafuna, ndipo ciwindi cipanga ambiri a iwo. Koma akacuruka amamatira m'mitsempha ya mtima, munthu nagwa mwadzidzidzi.

Amene anapeza mankhwala oletsa ciwindi kupanga mafuta ambiri ndiye Akira Endo, mwana wa mlimi wa ku Japan, wobadwa m'caka ca 1933. Iye anadziwa kuti penicillin anacokera m'cuku, conga cija cimera pa nsima yogona, ndipo anaganiza kuti kapena cuku cina cingathandize mtima. Pogwira nchito ku kampani ya Sankyo ku Tokyo, anayesa mitundu ya cuku ndi tizirombo tina yokwana ngati 6,000. M'caka ca 1973 anapeza cimene anafuna m'cuku comera pa mpunga wa m'sitoro ina ku Kyoto. Mankhwalawo achedwa compactin.

Tsono apa ndipo panabvuta. Atapatsa makoswe mankhwalawo, mafuta a m'mwazi sanatsike konse. Wina akadaleka pomwepo, pakuti makoswe ndiwo anali oweruza a mankhwala onse atsopano. Koma mnzace wina anali kusunga nkhuku zoikira mazira, ndipo Endo anampempha kuti ayese pa izo. Mafuta a nkhukuzo anatsika pafupifupi theka. Pa agaru ndi pa anyani anatsikanso. Colakwa sicinali m'mankhwala ai, koma m'ciwindi ca khoswe, cimene cimacurukitsa mphamvu yace yopangira mafuta cikaletsedwa.

M'caka ca 1980 Sankyo inaimitsa kuyesako, poopa mbiri yakuti agaru opatsidwa mankhwala ambiri anadwala. Kampani ya Merck ku America inapeza ena onga omwewo m'cuku cina, ndipo m'caka ca 1987 analoledwa kugulitsidwa, dzina lace lovastatin. Madotolo ambiri anakayikabe kufikira 1994, pamene odwala mtima 4,444 anayesedwa m'maiko a Scandinavia: mwa akumwa simvastatin, mbale wace wa lovastatin, imfa zinacepa ndi 30 pa 100.

Lero mankhwala a mtundu uwu achedwa statin, ndipo anthu mamiliyoni amawamwa tsiku ndi tsiku monga dotolo awauzira. Endo mwini sanalemere nawo. Anamwalira m'mwezi wa June 2024, ali ndi zaka 90.