Tsiku Limodzi pa Ngalaŵa za Matanga ku Chembe

Madzulo ano tisiye pang'ono za kumunda ndi za kuntchito, titsikire kunyanja. Ndifuna kukusimbirani za ulendo wa tsiku limodzi umene ndinayenda pamodzi ndi gulu la ngalaŵa zisanu za matanga m'mbali mwa gombe la Chembe, m'boma la Mangochi, malo amene ambiri amawadziŵa ndi dzina lakuti Cape Maclear.

Poyamba ndilongosole za ngalaŵazi, chifukwa ena a inu akumtunda simunazione. Zimene tinakwera ifezo zinalibe injini. Pakati pa ngalaŵa pamaima mlongoti, ndipo pa mlongotiwo amamangirirapo chinsalu cholimba chotchedwa thanga. Kumbuyo kuli tsigiro loongolera, ndipo kunsi kuli thabwa lopyapyala loloŵa m'madzi, limene limaletsa mphepo kukankhira ngalaŵa cham'mbali. Chifukwa cha thabwali, ngalaŵa imatha kupita ngakhale kumene mphepo ikuchokera, koma osati molunjika ai. Imayenda mokhotakhota, uku ndi uku, monga akwerera phiri munthu wosenza mtolo.

Tinasonkhana pamchenga nthaŵi ya 7 koloko m'maŵa, mwezi wa Sepitembala utangoyamba. Mtsogoleri wathu anali bambo wachikulire wobadwira konko, amene anayamba usodzi asanamere ndevu. Tisanakhudze chingwe chilichonse, anatikumbutsa za mphepo zinayi za pa nyanja yathu: mwera wochokera kumwera, umene umavuta kwambiri m'miyezi yozizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo nthaŵi zina kupitirira apo, mpoto, umene umadza kaŵirikaŵiri m'nyengo ya mvula, vuma wa kum'maŵa, ndi zambwe wa kumadzulo. Kenaka anatipatsa malamulo atatu. Aliyense avale jekete loyandamitsa. Ngalaŵa iliyonse iziona inzake nthaŵi zonse. Yotsogola idikire yotsalira.

Tinanyamuka ndi kamphepo kayaziyazi, matanga oyera atatambasuka, kuloŵera ku thanthwe la Otter Point. Pa ngalaŵa ya matanga palibe phokoso. Umangomva madzi akunyambita matabwa, ndi mau a amayi otsuka mbale pagombe. Mtsogoleri anatilozera kumtunda, m'tsinde mwa phiri, kumene kuli manda a amishoni oyamba. Dzina lakuti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone m'chaka cha 1861, pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, pakati pawo Dr Robert Laws, anafika pamalopa pa sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, imene anthu mazanamazana anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Malungo anawatha mphamvu, ena nafera pomwepo, kotero kuti m'chaka cha 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe.

Kuchoka apo tinawolokera ku chilumba cha Thumbi. Madzi ake ndi oyera mbee, mwakuti munthu amaona miyala ya pansi ali m'ngalaŵa. Pakati pa miyalayo pamasambira mbuna, tinsomba ta mitundu yobiriŵira, yachikasu ndi yamizeremizere. Nyanja ya Malaŵi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nchifukwa chake m'chaka cha 1980 boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha anthu a maiko onse. M'madzi a mamita 100 kuchokera pa gombe la malo otetezedwawo saloleza kuŵedza. Tili pomwepo, mnyamata wina anaimba likhweru naponya nsomba imene tinagula kwa asodzi. Nkhwazi inatsika pa mtengo, nkuitsompha ndi zikhadabo, osanyowetsa nthenga.

Dzuŵa litafika pamutu mphepo inaleka zii. Matanga analendeŵera ngati zovala zoyanika. Apa mpamene ndinazindikira kuti ulendo wotere sufuna munthu wa phuma. Woyenda pa injini amaŵerenga maola, koma woyenda ndi thanga amalandira chimene mphepo yamupatsa. Tinasendeza ngalaŵa pafupi ndi chilumba cha Domwe, tinaponya anangula, ndi kuzimangirira zonse zisanu pamodzi. Chakudya chinayenda kuchoka m'ngalaŵa ina kupita m'inzake: mbatata yophika, usipa wokazinga, nthochi ndi tiyi. Ena anasambira, ena anagona pa mthunzi wa thanga.

Vuto linadza dzuŵa litapendeka. Pakati pa Domwe ndi mtunda pali mpata wopapatiza wotchedwa Ilala Gap. Ukatulukira tsidya linalo umatha kutsata gombe mpaka ku Monkey Bay, doko la sitima ya Ilala yatsopano, imene inayamba kuyenda pa nyanjayi m'chaka cha 1951. Anyamata aŵiri a m'ngalaŵa yaing'ono koposa analakalaka kukafika kumeneko. Mtsogoleri anaimirira, nayang'anitsitsa kupyola mpatawo, nati: “Ana anga, mukuona tothovu toyera uto? Kuno tabisala kuseri kwa mapiri. Uko mwera wadzuka. Lero sitipitako.”

Anyamatawo anavomera ndi pakamwa pokha. Ife tikuzula anangula, iwo anati angosuzumira pang'ono pakhomo pa mpatawo. Mphepo yopanikizika pakati pa mapiri aŵiri imatuluka ndi mphamvu yoŵirikiza. Inawamenya mwadzidzidzi, ngalaŵa inapendekeka, madzi nkuyamba kuloŵa, ndipo chingwe chogwira thanga chinaduka. Thanga linangoti phapha, osagwiranso mphepo, ngalaŵa nkumatengeka kuloŵera ku miyala.

Apa mpamene lamulo lachiŵiri lija linagwira ntchito. Popeza tinali kuwaona, sipanatayike nthaŵi. Mtsogoleri anatiuza kuti tichepetse matanga athu pomanga m'munsi mwake, kuti mphepo isatigwetse nafenso. Ngalaŵa ziŵiri zinasendera, ina inaponya chingwe. Ulendo woyamba chinagwera m'madzi, wachiŵiri mnyamata anachiŵakha. Tinawakoka pang'onopang'ono kufikira m'madzi odekha, iwo akukapa madzi ndi chitini. Palibe anavulala. Akadakhala okha, nkhani imene ndikukusimbiraniyi ikadakhala ya maliro. Akuluakulu sananame ponena kuti kuyenda aŵiri si mantha.

Mtsogoleri sanawakalipire. Anawathandiza kulumikiza chingwe, kenaka anawakumbutsa za sitima ya Vipya. Pa 30 Julaye 1946 sitimayo, yachitsulo ndiponso yatsopano, inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, pafupi ndi Florence Bay, ndipo anthu 145 anataya miyoyo yawo. “Ngati nyanja inameza chitsulo,” anatero bamboyo, “nanga kabwato kanu aka?” Anyamata anangoŵerama. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo kumpoto kuli malo akuya mamita pafupifupi 700. Mphepo ikapeza mtunda wotere wothamangapo, mafunde ake sasiyana ndi a nyanja ya mchere.

Tinabwerera ku Chembe mondondozana, ngalaŵa yovulala ija ili pakati. Dzuŵa linali kuloŵa kuseri kwa mapiri a kutsidya, madzi onse atafiira. Tinakumana ndi asodzi akupalasa mabwato awo, nyali zili kutsogolo, kupita kukakola usipa usiku. Tinapatsana moni, ndipo iwo anafunsa za mphepo ya ku mpata kuja. Tinawauza zimene tinaona, iwo nkutembenukira kwina.

Omvera anzanga, ambiri a inu simudzakwera ngalaŵa ya matanga yongosangalalira. Koma ambiri mumawoloka nyanja ya Malaŵi, ya Chilwa, ya Malombe kapena mtsinje wa Shire popita kumsika, kuchipatala ndi kumaliro. Malamulo a bambo uja ndi anunso. Musakwere bwato lodzaza kupitirira muyeso, ngakhale mutachedwa. Pamene pali jekete loyandamitsa, livaleni, musachite nalo manyazi. A zanyengo akalengeza pa wailesi kuti mwera ukubwera, ulendo udikire maŵa. Ndipo inu achinyamata a m'mbali mwa nyanja, khalani pansi ndi akuluakulu odziŵa kuŵerenga mitambo ndi mafunde, muwafunse adakali moyo.