Chitsulo cha m'Magazi ndi Chimene Chichitsekereza m'Chakudya

Mawu amene anakambidwa pa msonkhano wa pachaka wa Bungwe

Ndikamba za kuchepa kwa magazi, nthenda imene ifooketsa akazi apakati ndi ana, ngakhale pakhomo pamene nkhokwe ili yodzaza. Ambiri afunsa kuti, munthu akhuta nsima ndi nyemba tsiku ndi tsiku, nanga magazi ake achepa bwanji? Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chakudyanso chili chotero, pakuti chimene chitithandiza ndi chokhacho chimene chalowa m'magazi.

Magazi afiira chifukwa cha chitsulo, chimene achipatala achitcha ayironi. Munthu wamkulu ali nacho magalamu 3 kapena 4 okha, ndipo chambiri chikhala mu haemoglobin, chinthu chimene chinyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kunka m'ziwalo zonse. Mwamuna ataya pafupifupi miligalamu imodzi pa tsiku. Mkazi ataya chochuluka pokhala kumwezi, ndipo wapakati afuna choposa pamenepo, popeza agawirako mwana.

Ulendo wa chitsulo uli motere. Chakudya chikachoka m'chifu chifika kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, ndipo pamenepo ndi pamene pali chipata cholowera m'magazi. Tsidya la chipatacho kuli mtengatenga, dzina lake transferrin, amene asenza tizitsulo tiwiritiwiri napita nato ku mafuta a m'mafupa, kumene magazi apangidwa. Chotsala chisungidwa makamaka m'chiwindi, m'kankhokwe kotchedwa ferritin, kudikira tsiku la kusowa.

Tsono mkati mwa njere za chimanga, mapira, mawere, nyemba ndi mtedza muli chinthu chotchedwa phytic acid. Mbewu isungiramo phosphorus, kamba wa mphukira yake. M'chimanga chinthuchi chichuluka pamtima pa njere, ndipo mu mpunga ndi tirigu chichuluka m'madeya. Chikakomana ndi chitsulo m'matumbo chichigwira zolimba, ndipo ziwirizo zisanduka kanthu kosasungunuka, kamene sikangapyole pachipata paja. Chotero chitsulo chituluka ndi chimbudzi. Phytic acid salimbana ndi mtengatenga m'magazi ayi, angomumana katundu. Zikapitirira, thupi liyamba kutapa m'nkhokwe ya m'chiwindi, ndipo nkhokwe ikatha magazi achepa. Pamenepo zikhatho ndi m'kati mwa zikope muyera, mtima uthamanga, munthu achita befu ngakhale pa kamtunda kakang'ono.

Izi zinayesedwa. M'chaka cha 1942 Elsie Widdowson ndi Robert McCance a ku Cambridge anaonetsa kuti anthu odya buledi wa ufa wosachotsa madeya analandira chitsulo chochepa kuposa pamene anadya buledi woyera, chinkana buledi wa madeyayo anali ndi chitsulo chambiri. M'chaka cha 1989 Leif Hallberg ndi anzake ku Sweden anathira phytic acid m'buledi wa tirigu, namuyesa ndi phosphorus wake. Mamiligalamu 2 anachepetsa chitsulo cholowa m'thupi ndi magawo 18 pa 100, mamiligalamu 25 ndi magawo 64, mamiligalamu 250 ndi magawo 82. Iwo anapezanso kuti vitamini C achepetsa mphamvu yakeyo.

Kodi tileke mgaiwa ndi nyemba? Iyayi, pakuti momwemo ndi mmene muli chitsulocho pamodzi ndi zina zomanga thupi. Ufa woyera uli ndi phytic acid wochepa, koma pokonola chitsulo ndi mavitamini ambiri zipita ndi gaga. Chofunika ndi kumasula chitsulo chimene chamangidwa, ndipo njira zake zili m'manja mwa amayi athu kuyambira kale.

Yoyamba ndi kuviika. Christine Hotz ndi Rosalind Gibson anasonyeza m'chaka cha 2001, pa chimanga cha kuno ku Malawi, kuti kuviika ufa m'madzi ndi kutsanula madziwo kuchotsa pafupifupi theka la phytic acid. Nyembanso ziviikidwe usiku, madzi ake natayidwa. Yachiwiri ndi chimera ndi kusasitsa. Mbewu ikamera idzutsa chinthu chotchedwa phytase, chimene chiphwanya phytic acid. Chifukwa chake thobwa ndi phala la chimera siziyenera kunyozedwa ngati zachikale. Yachitatu ndi zipatso. Malambe, magwafa, malalanje, mapapaya ndi matimati zili ndi vitamini C, koma zidyedwe pamodzi ndi chakudya, kuti zikakomane ndi chitsulo m'mimba. Masamba asapsetsedwe ndi soda kapena chidulo chambiri, popeza izi ziwononga vitaminiyo. Yachinayi ndi nyama ndi nsomba. Chitsulo cha m'magazi a nyama, usipa ndi matemba ndi cha mtundu wina, umene phytic acid saugwira, ndiponso kanyama pang'ono kathandiza chitsulo cha m'nyemba kulowa. Koma tiyi achitsekereza nayenso, chotero amwedwe patapita ola limodzi kapena awiri chidyere.

Chakudya sichithetsa zonse. Malungo aswa magazi, njoka za m'mimba ziwayamwa, ndipo likodzo liwatulutsa ndi mkodzo. Wodwala izi apite kuchipatala msanga, ndipo mayi wapakati amwe mapiritsi a ayironi amene apatsidwa kusikelo, osawabisa kuseri kwa mtsuko.

Ndipempha mafumu ndi mamembala onse kuti mawu awa akakambidwe pabwalo ndi pamtondo m'midzi yathu, ndiponso kuti abambo asamalize okha mbale ya nsomba pamene mkazi wapakati ndi ana angonyambita msuzi.