Kacikwama ka Wothamanga m'Nyengo ya Cisanu

Lero ndifuna kuceza nanu za kacikwama kamene munthu ayenera kunyamula popita kukathamanga kapena kukaphunzira mpira m'nyengo ya cisanu.

Kwathu ku Lundazi kuzizira kwambiri m'miyezi ya June ndi July. M'bandakuca nkhungu igona pa damu la pafupi ndi Castle Hotel, ndipo mame anyowetsa udzu wa pabwalo. Komabe anyamata ndi atsikana adzuka nathamanga mumseu wa ku Chipata dzuwa lisanatuluke. Ena alakalaka kufanana ndi Samuel Matete wa ku Chingola, amene m'caka ca 1991 anaposa anzace onse a dziko lapansi ku Tokyo pa liwiro la mamita 400 lolumpha zopinga. Ici ncabwino ndithu, koma ambiri abwerera kunyumba alikunjenjemera.

Cifukwa cace ndi ici. Munthu akamathamanga thupi lace lifunda, naturuka thukuta ngakhale kuli cisanu. Malaya a thonje amwa thukutalo. Tsono akaima, mphepo iomba pa malaya onyowawo, ndipo madziwo pouma acotsa kufunda kwa thupi msangamsanga. Motero nchito yoyamba ya kacikwama ndiyo kusunga malaya ouma ndi juzi, kuti mubvale mukangotsiriza.

Posankha, yambani mwasonkhanitsa zimene mudzanyamula: malaya amodzi, juzi, masokosi, botolo la madzi, ndi kadyonkho monga nthoci kapena nshawa zokazinga. Musasiye madzi poyesa kuti m'cisanu mulibe ludzu, pakuti thukuta lituruka ndithu. Koma kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi ilemera kilo imodzi. Gulani cikwama cokwana zinthu izi zokha. Cikakula, katundu agubuduka m'katimo, ndiponso mudzayamba kuikamo zosafunika.

Caciwiri, yang'anani malamba. Cikwama ca lamba limodzi cipendeketsa munthu, ndipo ca m'manja ciletsa mikono kuyenda bwino. Cikhale ca malamba awiri aakulu bwino, osaceka mapewa. Ngati ciri ndi lina lomanga pacifuwa kapena m'cuuno, ndiye bwino koposa. Ngati palibe, telala wa pamsika angathe kukusokerani.

Cacitatu, onani nsaru yace. Ikhale yosalowa madzi msanga, cifukwa mudzaciika pa udzu wa mame, ndipo msana wanu udzacinyowetsanso. Mukakayika, kulungani malaya oumawo m'pulasitiki. Inu othamanga kuli mdima, makamaka a ku migodi amene nthawi yanu ilamulidwa ndi nchito, funani cokhala ndi mzere wonyezimira, kuti oyendetsa magalimoto akuoneni.

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kaya mugula m'sitolo kaya pa salaula, musanyengedwe ndi maonekedwe. Tsegulani zipi ndi kutseka kangapo, kokani misoko, ndipo pemphani wogulitsa akuloleni kuikamo katundu wanu. Berekani cikwamaco, mudumphe kasanu. Cikamenya msana kapena kusendera kumbali, cisiyeni, pakuti cimene cibvuta pa sitolo cidzakunyulani khungu panjira.

Mukafika kunyumba, turutsani zonyowa, muyanike cikwama padzuwa, kuti mawa cidzakhale cokonzeka.