Kusamala Kanema wa Pabanja Pamene Malo Achepa M'kompyuta

Masiku ano ukwati kapena chinkhoswe sichidutsa popanda wina wojambula kanema pa foni. Vuto limadza pambuyo, pamene wojambulayo afuna kudula ndi kulumikiza zidutswazo kuti zikhale filimu imodzi yoti abale onse aonere. Kompyuta imayamba kuchedwa, malo osungira amatha, ndipo ena pothedwa nzeru amafufuta zinthu zimene sangazijambulenso.

Kanema amadya malo chifukwa ndi zithunzi zambiri zotsatizana, kawirikawiri 25 kapena 30 pa sekondi imodzi. Chithunzi cha mtundu wa 1080p chili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, pamene cha 4K chili ndi 3840 ndi 2160, ndiko kuti kuchuluka kanayi. Pa foni ya iPhone, mphindi imodzi ya 4K pa zithunzi 30 imatenga pafupifupi 170MB, choncho mwambo wa maola anayi umafika 40GB. Ngakhale tepi yakale ya MiniDV, imene inatuluka mu 1995, ikasamutsidwira m'kompyuta imatenga pafupifupi 13GB pa ola limodzi.

Nzeru yoyamba ndi kusankha bwino asanayambe kujambula. Ngati filimuyo idzaonedwa pa foni kapena pa TV wamba, 1080p ndi yokwanira, ndipo pa foni yomweyo imatenga pafupifupi 60MB pa mphindi.

Yachiwiri ndi kusunga kanema woyambirira pa malo awiri osiyana, monga m'kompyuta ndi pa disiki yapadera yolumikiza ndi chingwe. Disiki imagwa, imabedwa, ndiponso fayilo ikhoza kuonongeka magetsi akazima ili m'kati mokopedwa. Omvera adziwenso kuti fulashi yokonzedwa mwa dongosolo la FAT32 imakana fayilo yoposa 4GB ngakhale malo alipo. Dongosolo la exFAT lilibe vutoli, koma kusintha dongosolo kumafufuta zonse za pa fulashiyo, motero ziyambe zasamutsidwa.

Yachitatu ndi kugwirira ntchito pa makope ang'onoang'ono otchedwa proxy. Mapulogalamu monga Shotcut, Kdenlive ndi DaVinci Resolve amapanga makope opepukawa kuchokera ku kanema wamkulu. Munthu amadula ndi kulumikiza poyang'ana kope lopepukalo, ndipo kompyuta yofooka imayenda bwino. Pomaliza, pulogalamuyo imabwerera ku kanema woyambirira potulutsa filimu, kotero kuti kuoneka bwino kwake sikutayika. Ntchito ikatha, makope amenewa ndi mafayilo ena akanthawi otchedwa cache ndiwo oyenera kufufuta, pakuti pulogalamu ingathe kuwapanganso.

Yachinayi ndi kuchepetsa filimu yomalizidwa yokha. Njira ya H.264, ya mu 2003, imaseweredwa pa zipangizo pafupifupi zonse. Ya H.265, ya mu 2013, imachepetsa fayilo pafupifupi ndi theka chithunzi chikuonekabe chimodzimodzi, koma ma TV ena akale saitsegula. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imagwira ntchitoyi m'njira zonse ziwiri. Komabe kuchepetsa kotere kumataya mbali zina za chithunzi mpaka kalekale. N'chifukwa chake kanema wotumizidwa mwa nthawi zonse pa WhatsApp, amene amamuchepetsa kuti ayende msanga, sangalowe m'malo mwa woyambirira. Wofuna kuti mbale wake alandire fayilo yosasinthika aitumize monga dokumenti.

Choncho malo akachepa, wokonza filimu adzifunse funso limodzi asanafufute kanthu: kodi ichi chingapangidwenso? Kope lopepuka lingapangidwenso, filimu yomalizidwa ingatulutsidwenso. Koma mawu a gogo polangiza akwati anajambulidwa kamodzi kokha, ndipo akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.