Athena, Vesta ndi Makewana wa ku Msinja: ulemu wokha sukwanira



Tiyambire kutali. Agiriki ndi Aroma akale ankapembedza milungu yaikazi, uliwonse ndi ntchito yake. Demeter, amene Aroma ankamutcha Ceres, anali wa mbewu ndi zokolola. Hera, kapena Juno, anali wa ukwati. Athena, kwa Aroma Minerva, anali wa nzeru, luso la manja ndi nkhondo. Vesta anali wa moto wa pakhomo, ndipo ku Rome atsikana 6 ankasonkhezera moto wa m'kachisi mwake, aliyense zaka 30 osakwatiwa.

Koma tamverani izi. Anthu a ku Athens anamangira Athena kachisi wamkulu, Parthenon. Mumzinda womwewo mkazi sankaloledwa kuvota kapena kuyankhula pabwalo la nzika. Mkazi wosema ankalandira nsembe, mkazi wamoyo ali duu kuseri.

Tsopano tibwerere kwathu. Pafupi pompano, ku Msinja cha ku Dzalanyama, kunali kachisi wa mvula wa Achewa. Mkulu wake anali Makewana, mayi wa ana, wa mfunda wa Banda. Iyeyu sanali mulungu ayi. Anali munthu ngati ife, koma ankatengedwa kuti ndi mkazi wa Chisumphi. Mvula ikakanika, mafumu ankatumiza amithenga ndi mphatso kwa iye. Chinamwali chinali m'manja mwake. Anali ndi atsikana omutumikira otchedwa Matsano, ndipo amuna audindo, monga Kamundi ndi wosunga ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri, ankagwira ntchito pakachisi wake. Zinali ndi mtengo wake: sankakhala pabanja ngati akazi ena, ndipo tsitsi sankameta poopa kuti mvula ingaleke. Nkhondo za Angoni zinapasula Msinja m'zaka za m'ma 1800, koma dzina lake silinafe.

Mwaona kusiyana kwake, eti? Athena ankatamandidwa. Makewana ankayankhula, mafumu n'kumva. Ndiye wina akadzakuuzani kuti utsogoleri wa amayi ndi zachizungu, mudzamulozere ku Msinja.

Masiku ano nafenso timatamandidwa kwambiri. Akuti ndife nsanamira za chitukuko, akuti mbumba ndiyo mudzi. Chabwino. Nanga munda ukakhala wa kuchikazi, ndalama ya fodya amasunga ndani? Pamsonkhano wa m'mudzi, ndani ali pampando, ndani ali kumoto akuphika nsima ya alendo?

Ulemu tisaukane, koma tisakhute nawo. Akamasankha komiti ya mjigo, ya sukulu kapena ya chitukuko cha m'mudzi, tiyeni tiime pa utcheyamani ndi usungichuma, osati pa uphiki pokha. Mnzathu akaima, timukwezere mkono. Mawu a mkazi anamvekapo kale m'dera lino, ndipo amvekenso.