Makombo Ali ndi Mwini Wake

Kuwerenga: Yohane 6:1-13, Levitiko 19:9-10, Luka 13:6-9

Lero tilankhula za chinthu chimene sichimveka kawirikawiri pa guwa, ndicho chakudya chotsala ndi zinyalala zimene zimaola. Funso lathu ndi ili: kodi nkoyenera kuti lamulo likakamize masitolo, mahotela, misika, masukulu ndi zipatala kupatula zotsala za chakudya ndi kuzigwiritsanso ntchito, m'malo mozitaya kudzala?

Tiyang'ane funsoli titaima m'matauni awiri a ku Zimbabwe, Kadoma ndi Chegutu, amene ali pamsewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo, m'chigawo cha Mashonaland West. Kufikira chaka cha 1982 matauniwa ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Ndi dziko la golide ndi thonje. Makolo ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique anafika kumeneko kudzagwira ntchito m'migodi monga wa Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi wa Dalny ku Chakari, ndipo zidzukulu zawo zilipobe mpaka lero. Kotero nkhani ya ku Rimuka kapena ku Pfupajena si yachilendo ayi. Ndi ya pabanja pathu.

Anthu a m'matauni awiriwa amadziwa kuti uve umapha. Mu 2008 ndi 2009 kolera anagwira anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe, napha oposa 4,000, ndipo Chegutu ndi Kadoma anali pakati pa malo amene analira maliro ambiri. Mu February 2023 mliri wina wa kolera, umene pambuyo pake unafalikira m'zigawo zonse za dzikolo, unayambira ku Chegutu. Tinene zoona: gwero lalikulu la kolera ndi madzi akumwa oipitsidwa ndi zonyansa za m'zimbudzi. Koma mulu wa zakudya zoola umathandiza mdaniyo. Umaitana ntchentche ndi makoswe, ndipo mvula ikagwa zinyalalazo zimatseka ngalande, madzi oipa nasefukira kumene ana amasewera ndi kumene amayi amagulitsa ndiwo.

Tsopano titsegule Mawu a Mulungu. M'buku la Yohane, mutu 6, Ambuye Yesu anadyetsa amuna okwana 5,000 ndi mikate isanu ya barele ndi tinsomba tiwiri. Anthu atakhuta, Iye analamula ophunzira ake kuti atole makombo, ndipo anadzaza mitanga 12. Taganizani, bwenzi langa. Amene anachulukitsa mkate ndi dzanja lake akanatha kuchulukitsa wina m'mawa mwake. Sanali kuopa njala. Nanga anasamaliranji nyenyeswa? Chifukwa mphatso ya Atate sisiya kukhala mphatso pamene ife takhuta. Onaninso amene anapatsidwa ntchito yotola. Sanali khamu lija, koma ophunzira, omwewo amene anagawa chakudyacho. Wogawa ndiye wotola. Apa pagona maziko a nkhani yathu yonse: amene amaphikira anthu ambiri, kapena kugulitsa kwa anthu ambiri, ali ndi udindo pa zimene zatsala.

Mwina wina anena, “Zimenezi nzabwino, koma zisiyidwe ku mtima wa munthu aliyense. Lamulo lilowererapo bwanji?” Tiyeni tione Levitiko 19. Eni minda a mu Israele ndiwo anali eni bizinesi a masiku amenewo. Mulungu sanawapemphe kuti akhale achifundo akafuna. Anawaika pansi pa lamulo lakuti asakolole mpaka m'mphepete mwa munda, asakunkhe zotsala, ndipo asatole mphesa zakugwa, pakuti zimenezo zinali za osauka ndi alendo. Chifukwa cha lamulo limeneli Rute, mkazi wamasiye wochokera ku Mowabu, anapeza chakudya m'munda wa Boazi. Inu amene makolo anu anafika ku Kadoma ali alendo, nkhani imeneyi mukuimva kuposa ena. Mulungu amadziwa mtima wa munthu, kuti phindu likalankhula, chifundo chimakhala chete. Nchifukwa chake anaika lamulo.

Maiko ena m'masiku athu ano ayenda njira yofanana. South Korea inaletsa kukwirira zotsala za chakudya m'madzala mu 2005, ndipo lero pafupifupi zonse zimasandutsidwa manyowa, chakudya cha ziweto kapena gasi. France inakhazikitsa lamulo mu 2016 loletsa masitolo akuluakulu kuononga chakudya chabwino chimene sichinagulidwe. Ayenera kuchipereka ku mabungwe othandiza osowa. Ndipo vutoli si laling'ono. Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe linanena kuti mu 2022 dziko lapansi linataya chakudya choposa matani 1 biliyoni, pamene anthu pafupifupi 783 miliyoni anali ndi njala. Ife sitifunika kuuzidwa kuti njala nchiyani. Mu 2024 maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe onse analengeza kuti maiko awo agwa m'tsoka chifukwa cha chilala.

Zimbabwe nayo ili kale ndi maziko. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013, m'ndime 73, amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo osaononga thanzi lake. Pali lamulo la Environmental Management Act la 2002, ndi bungwe la EMA loliyang'anira. Kuyambira mu December 2018, Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndi tsiku losesa dziko lonse. Kusesa nkwabwino, komatu kusesa kokha ndi kusamutsa mulu kuchoka pano kupita apo. Masamba a kabichi, makoko a mbatata, mkute wa nsima, mapulasitiki ndi mabotolo zikasakanizidwa m'bini imodzi, palibenso chimene chingapulumuke. Kudzala, zoolazo zimakanikizana popanda mpweya ndipo zimatulutsa gasi wotchedwa methane, amene amayaka moto ndi kutenthetsa dziko. Chinsinsi chili pa kupatula pamalo pomwe zinyalala zabadwira: kukhitchini, kuseri kwa sitolo, pabenchi ya pamsika.

Nanga zopatulidwazo zipite kuti? Pali makwerero atatu, ndipo dongosolo lake nlofunika.

Choyamba, anthu. Buledi wa dzulo, zipatso zosaoneka bwino koma zosaola, ufa umene thumba lake lang'ambika: zimenezi si zinyalala. Ndi khunkha la ana amasiye, la okalamba, la odikirira odwala kuchipatala. Koma chenjerani, abale. Wosauka si dzala. Chimene simungapatse mwana wanu, musapatse mwana wa mnzanu. Kupereka chakudya chosasa m'dzina la chifundo ndi tchimo lovala jekete.

Chachiwiri, ziweto. Madeya a kuchigayo, masamba a kumsika ndi zotsala za kukhitchini zimanenepetsa nkhuku, akalulu, mbuzi ndi nkhumba. Koma zotsala zimene zakhudzana ndi nyama zingathe kufalitsa chigodola cha nkhumba, nthenda yopanda mankhwala imene imatha khola lonse. Tsatirani malangizo a alangizi a ziweto, ndipo musapatse nkhumba zotere zosawiritsa.

Chachitatu, nthaka. Pa Luka 13 Ambuye anakamba za mkuyu umene sunabale zipatso zaka zitatu. Wosamalira munda anapempha chaka chimodzi kuti aukumbire ndi kuuthira ndowe. Phunziro lenileni la fanizoli ndi kuleza mtima kwa Mulungu ndi kulapa, koma taonani chida chimene Ambuye anasankha kuti chiimire chisomo chake: chinthu chonunkha chimene anthu amachinyansidwa nacho. M'chilengedwe cha Mulungu, choola ndicho chakudya cha chamoyo. Kapangidwe ka manyowa nkosavuta. Yalani mapesi kapena udzu wouma, pamwamba pake zotsala zaziwisi, kenaka ndowe pang'ono ndi phulusa, ndipo bwerezani kufikira mulu utakwera. Ukhale wonyowa koma osati wochucha madzi. Pakatha masiku ochepa mkati mwake mumatentha, ndipo kutenthako kumapha tizilombo tambiri ndi njere za udzu. Muutembenuze pakapita milungu iwiri kapena itatu, ndipo m'miyezi itatu kapena inayi mudzapeza dothi lakuda lofewa. Nyama, mafupa ndi mafuta musaikemo, zimaitana agalu ndi makoswe. Alimi a ku Zimbabwe amene amalima m'njira ya Pfumvudza, imene boma linaifalitsa kwambiri kuyambira mu 2020, amafuna manyowa a m'phando lililonse. Alimi a ku Malawi amadziwa manyowa a Mbeya. Feteleza wakwera mtengo, pamene chuma cha nthaka chikuolera kuseri kwa msika.

Tsopano ndilankhule ndi inu olamulira, makhansala ndi akuluakulu a khonsolo. Paulo pa Aroma 13 amatcha wolamulira mtumiki wa Mulungu wochitira anthu zabwino. Lamulo la mtundu umene tikukambawu lingakhale dalitso, lingakhalenso chikwapu. Mwini lesitilanti akapatula zinyalala zake mokhulupirika, koma galimoto yotola osabwera, kapena kubwera nkuzisakanizanso, mwamuphunzitsa kuti kumvera nkupusa. Lamulo liyambe ndi akuluakulu amene amatulutsa zambiri ndipo ali ndi mphamvu: masitolo aakulu, mahotela, makantini a kumigodi, masukulu ogonera konko, zipatala ndi ndende. Mayi wogulitsa tomato pamphambano asalipitsidwe chindapusa chimene chingamutsekere msika; iye apatsidwe mgolo woti atayemo. Patulani malo opangirapo manyowa, lembani ntchito achinyamata amene akungokhala, ndipo musaiwale anthu amene akhala akutola zinthu kudzala kuti apeze chakudya. Koposa zonse, lamulo lisasanduke khomo la ziphuphu. Mulungu amanyansidwa ndi muyeso wonyenga, ukhale wa wamalonda kapena wa woyendera.

Kwa inu Akhristu eni mabizinesi, aphunzitsi aakulu, oyang'anira makhitchini: musadikire lamulo. Nzoona kuti pali mtengo wake. Pafunika migolo iwiri kapena itatu, kuphunzitsa antchito, ndi munthu wodzatenga tsiku ndi tsiku zisanayambe kununkha. Koma mlimi wa nkhumba kapena wa dimba ali pafupi, ndipo adzakondwa kupangana nanu. Akuluakulu anati kupatsa nkuika. Ndipo mpingo usaloze chala ena usanadziyang'ane wokha. Pamisonkhano yathu ikuluikulu, pamaukwati ndi pamaliro timaphika miphika yambiri. Kodi mkute wake umapita kuti? Sukulu ya mishoni imene ili ndi dzenje la manyowa ndi dimba la ndiwo ikulalikira popanda mawu. Mutu umodzi susenza denga: mipingo ya ku Rimuka, ya ku Pfupajena, ya ku Ndirande kapena ku Chawama ikagwirizana ndi amalonda a m'dera lawo, khonsolo idzapeza njira italambulidwa kale.

Yankho la funso lathu ndi ili: inde, lamulo lotere nloyenera, likakhala lachilungamo, loyamba ndi amphamvu, ndipo olamulira akachita mbali yawo. Koma mwana wa Mulungu amatola makombo chifukwa amadziwa Mwini wake. Ndipo ngati inu, womvera wanga, mukudziona ngati chotsala chimene dziko lataya, kumbukirani kuti m'mutu womwewo wa Yohane 6 Yesu ananena kuti Iye ndiye mkate wa moyo, ndipo analonjeza kuti sadzataya munthu aliyense wodza kwa Iye. Amene anasamala nyenyeswa sangaiwale inu.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene mumapatsa mvula ndi zokolola, tiphunzitseni kulemekeza zimene mwatipatsa. Patsani nzeru olamulira a Kadoma, Chegutu ndi matauni athu onse. Tetezani ana athu ku matenda, dyetsani anjala kudzera m'manja mwathu, ndipo bwezeretsani chonde m'minda yathu. M'dzina la Yesu Khristu. Amen.