Masheleni 3 kapena 6: Msonkho wa Atsamunda ndi Funso Lathu Lero

Awa ndi mawu amene mnzathu analankhula pa mkumano wa Loweruka. Werengani mpaka kumapeto, kenako tumizirani ena.

Ambiri mwabwera wapansi poti minibasi yakwera mtengo, ndiye sindichedwa.

Ena mwakhala mukufunsa pagulupu kuti, "Bwanji tikungokamba za misonkho? Imeneyo si nkhani ya anthu a masuti?" Ayi ndithu. Kulimbana ndi atsamunda m'dziko muno kunakulira pa msonkho.

Mu 1891 Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, ndipo woyang'anira anali Harry Johnston. Sanachedwe kuika msonkho, umene pambuyo pake unakhala wa nyumba: nyumba iliyonse masheleni 3 pachaka. Tangoganizani, agogo athu anali ndi nkhokwe, mbuzi ndi minda, koma boma linkafuna ndalama yake yomwe. Ndalamayo ukaipeza kuti? Kwa mzungu wa esiteti yemwe ankasowa antchito.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anachita poyera. Ukagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi, msonkho wako ndi masheleni 3. Ukakhala pakhomo n'kumalima zako, masheleni 6. Mu 1912 anakweza kufika pa 4 ndi 8. Mwaona? Kudzilimira wekha kunasanduka mlandu wolipira kawiri. Msonkho umenewu unali chingwe chokokera munthu kumunda wa wina. Amene ankakhala pamalo a maesiteti analinso ndi thangata pamwamba pake, kugwira ntchito ngati lendi ya malo. Wolephera kulipira ankamuotchera nyumba, kapena kugwira mkazi wake mpaka ndalama itapezeka.

Anthu sanangokhala chete. Poyamba aliyense ankalimbana nazo payekha. Amesenjala akamveka, amuna ankathawira kuphiri. Ena analowera ku Salisbury ndi ku Joni kukasaka ndalama, ambiri osabwereranso, amene timawatcha matchona aja. Koma kuthawa sikunasinthe lamulo.

Kenako anthu anayamba kulankhula pagulu. Cha m'ma 1908 ndi 1909, Elliot Kamwana analalikira ku Nkhata Bay za dziko latsopano lopanda msonkho, ndipo anthu zikwizikwi anabatizidwa. Boma linamuthamangitsa m'dziko. Ku Mbombwe ku Chiradzulu, John Chilembwe ankaona akhristu ake akuvutika ndi thangata pa esiteti ya Bruce ku Magomero. Nkhondo ya 1914 itayamba, analemba kalata kunyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akutengedwa kukafera nkhondo yosawakhudza. Pa 23 Januwale 1915 iye ndi anthu ake anaukira. Pa 3 Febuluwale anali ataphedwa, tchalitchi chake anachigumula, ndipo anthu ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa.

Timamulemekeza Chilembwe, nkhope yake ili pandalama zathu. Koma tinene zoona: kuukirako sikunathe ngakhale masabata awiri, ndipo thangata anapitirira zaka zambiri. Chimene chinadzagwetsa utsamunda chinamangidwa pang'onopang'ono. Mu 1912 anthu ngati Levi Mumba anayambitsa North Nyasa Native Association. Mabungwe otere anafalikira m'maboma ena. Ankakumana, kulemba zokambirana, kutumiza madandaulo kuboma, kufunsa kuti msonkho wathu ukugula chiyani pomwe sukulu akumanga ndi amishoni. Mu 1944 anaphatikizana kukhala Nyasaland African Congress. Kumbukirani kuti mpaka 1949 munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi m'nyumba ya malamulo ku Zomba. Zaka zoposa 50 anthu akukhoma msonkho popanda mawu pa momwe ndalamayo ikugwirira ntchito. Bala lenileni linali pamenepo.

Tsono ndimve bwino, mafana. Sindikunena kuti msonkho ndi woipa. Mankhwala m'chipatala, choko kusukulu, msewu wa kwanu, zonse zimafuna msonkho. Sindikunenanso kuti lero ndi 1912. Lero tili ndi voti, tili ndi aphungu ndi makhansala, zomwe agogo athu analibe. Koma funso lawo lija lidakalipo. Ukagula bandulo, msonkho uli momwemo. Mayi wogulitsa tomato amadula tikiti ya msika tsiku lililonse. Ngakhale iwe amene ukuti sukugwira ntchito, ukukhoma. Ndiye uli ndi ufulu wofunsa kuti ndalamayo yapita kuti, ndipo anavomereza ndani.

Sabata ino tichite zitatu. Choyamba, sungani malisiti ndi matikiti a msika, muwajambule, muike pagulupu ya dera lanu. Chachiwiri, dera lililonse lilembe kalata kukhonsolo yopempha kuona ndalama zotolera m'misika ndi momwe zagwirira ntchito. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, tiligwiritse ntchito. Chachitatu, tikadzatuluka pamsewu, palibe kuotcha matayala, palibe kuswa shopu ya munthu. Mwala umodzi umawapatsa chifukwa chosiya kuyankha funso lathu n'kuyamba kukamba za ife.

Mutu umodzi susenza denga. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi mnzake mmodzi komanso malisiti ake.